Zomwe ndinamva m'phiri zikutha ndi pakamwa panga

Aphungu,

Ine sukulu sindinapiteko. Akulembawa ndi akazi anga a Rosie, ine ndikungoyankhula, ndipo kuyankhulako ndiye ntchito yanga. Ndakalamba ndikusenza katundu wa alendo kuchokera pa Likhubula kukwera phiri la Mulanje, njira yonse ndikuwathira nkhani mpaka aiwale kutopa. Kaya pamaliro, kaya pabawo, ndikangofika anthu amasendera pafupi.

Chaka chatha, ulendo wanga womaliza maondo asanandikane, ndinatsalira m'mbuyo kuti ndimange bwino chingwe cha katundu. Basi chiperoni, nkhungu yathu ija, chinangofika n'kundikuta. Njira osaiona, anzanga osawamva. Ndinakhala pamwala. Aphungu, kunali zii! Osati zii wa kumanda ayi. Ndinamva dontho likuchoka patsamba mpaka kukagwa. Fungo la mkungudza linandilowa mpaka m'chifuwa. Ine amene pakamwa sipatsekeka, mawu anandithera. Ndinadziona wamng'ono ngati nyerere, koma mantha ndinalibe, zinali ngati Mwini phirilo akundidziwa dzina. Misozi inangotsika yokha. Nkhungu itachoka ndinasenza katundu wanga n'kuwatsatira anzanga aja.

Tsono vuto ndi ili. Nditatsika ndinakafotokoza pabawo, anthu n'kungoti, "Basi? Yathera pomwepo?" Mawa lake ndinaikamo kambuku. Kenako ndinaikamo nthochi zakupsa pamwala, zija amati mizimu imapatsa munthu. Pano a Fanuel, anzanga a pabawo, akangondiona amakuwa, "Madala, ija ya kambuku ija! Lero akhala awiri kapena atatu?" Anthu amaseka, ine ndimaseka nawo, koma ndikafika kunyumba m'kati muno muli mbee. Ndikati ndikumbukire tsiku lija, chimene chikundibwerera m'mutu ndi kambukuyo, amene kunalibe n'komwe.

Kukwera sindingathenso. Kodi chinthu chija ndachitaya? Ndichipezanso bwanji pansi pano, pakati pa njinga zamoto ndi mawailesi?

S.M., Likhubula

A S.M.,

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, kachiwiriko nditatseka chitseko. Zimene zinakupezani pamwala paja ena amazifuna moyo wawo wonse osaziona.

Inu nomwe mukudziwa zomwe akuluakulu a kwanuko amanena za chakudya cha m'phiri, kuti munthu akachipeza amadya mwakachetechete, osaitana mnzake. Inu munaitana a pabawo onse, n'kuthiramo ndi tsabola womwe.

Choyamba, kambukuyo apume. A Fanuel akakuwanso, auzeni kuti anafa, muwapatse nkhani ina. Muli nazo zambiri, ndipo mphatso yanu yofotokozayo si tchimo. Koma iyi yokha ikhale yanu.

M'mawa, wailesi isanatsegulidwe, khalani pakhonde moyang'ana phiri, pakamwa potseka. Ngati mukupemphera, likhale pemphero lomvera, osati lopempha. Mutu ukayamba kukonza nkhani yokauza anthu, poti wanuwo uyamba ndithu, bwererani ku mpweya wanu, mmene ukulowera ndi mmene ukutulukira. Masiku ena tengani ndodo, mutsikire kumtsinje, mukamvetsere madzi mpaka musiyanitse a pamwala ndi a pamchenga. Ndipo munthu akamakuuzani zake, musiyeni amalize, musamudule ndi yanu yoposa. Mtima umazama ndi kumva.

Sikuti m'mawa uliwonse mudzalira ayi. Masiku ambiri mudzangomva tambala ndi maondo kuwawa. Khalanibe pomwepo.

Chenjezo langa ndi ili: musayerekeze kukwera nokha kuti mukachifune. Chiperoni chimasocheretsa ndi anyamata omwe, ndipo chinthu chanucho sichinatsale pamwala paja. Apempheni mayi Rosie akuwerengereninso kalata yanuyi pang'onopang'ono, inu muli chete. Pamene mukunena za dontho lija ndi misozi, palibepo kambuku.

Aphungu