Ngumbi pa Nyale za Powolokera Msewu

Lachinayi, mu Disembala. Mtima wanga sunakhale pansi.

Nyale zatsopano za LED zimene aika powolokera msewu pafupi ndi depoti zikuwala ngati masana. Mvula itakata madzulo ano, ngumbi zinaunjikana pamenepo, ana nawo n'kuthamangirako ndi mabeseni. Mwana wanga Tadala ndinamupeza atagwada pa mizere yoyera, akutola. Minibasi inamudutsa pafupi mpaka beseni lake linagubuduka.

Ndinamukoka dzanja. Iye akuti, "Amayi, nyalezi zikamawala galimoto zimaima."

Nditamusiya kunyumba ndinabwerera kukaona ndekha. Pa galimoto khumi zinaima ziwiri zokha.

Ngumbi zotsalazo Tadala wakazinga, koma ine zandikanika kudya. Mitambo yadanso cha ku Lifuwu. Mawa mvula ikagwa ndidzakhala ndisanaweruke ku loji ku Senga Bay, ndiye Tadala...