Tochi Zitatu ndi Bulugama wa Kumalire

Lirangwe,
18 Ogasiti, 2024.

Okondedwa achimwene Ezra,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi kamwana kathu Princess. Ife kuno tadzuka, kungoti mphepo ya Ogasiti ikutithirira fumbi m'ndiwo. Musaseke kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Foni yanga imadutsa m'manja ambiri, komanso nkhani zina sizifuna kulembedwa ndi chala chimodzi. Ndipatsira a Hakimu omwe aja anabweretsa katundu wanu, pamodzi ndi kathumba ka nandolo watsopano.

Tochi zitatu zija zinafika Lolemba. Munati tiziyese bwinobwino, tikuuzeni yomwe ingayende malonda kuno musanaode katoni yathunthu. Ndagwira ntchitoyo sabata yonse mpaka anthu ayamba kunditcha mayi wa magetsi.

Ndiyambe ndi yasiliva, yomwe inu mumaitama. Kukongola ndiye yakongola, ndipo maginito ake aja ndi anzeru: ndinaimata pa lata la kukhitchini ndikumaphika manja onse ali pa mthiko. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nditaiviika mu ndowa monga munanenera, inayamba kuphethira ngati galimoto ya apolisi, ndipo mpaka lero imafuna kuidina katatu kuti iyake. Timabatire take titatu tija tinatha madzulo awiri okha. Imeneyo asiyireni eni ake.

Yakuda ija ndiye chilombo. Ndi yaifupi ngati chitsononkho, koma mukakoka mutu wake kuwala kumasonkhana pamodzi n'kukafika kutsidya kwa dimba, mpaka ndinaona galu wa eni akununkhiza m'mabedi a tomato. Inagwa pa simenti osasweka, m'madzi inatuluka ikuyakabe, ndipo imatchajidwa ndi chingwe cha foni. Vuto lake imatentha m'manja ngati mbatata yootcha, ndipo pakatha maola awiri moto watha. Yofiira yapulasitiki, ya kasola pamsana ija, kuwala kwake n'kwachikasu ndipo sikupita patali, kumangothera pa khola la mbuzi. Koma ndi yopirira. Lachinayi ndinaiiwala ikuyaka pa shelefu, m'mawa ndinaipeza ikadali ndi moyo. Kwa ine, yakuda ndi ya alonda ndi akabaza, yofiira ndi ya amayi apakhomo.

Paja munati mawu omaliza akhale a ababa, poti zaka makumi awiri ndi ziwiri akulondera nyumba yosungira katundu ija pafupi ndi bwalo la ndege ku Chileka, ndipo tochi amazidziwa kuposa tonsefe. Anafika dzulo masana pa minibasi monga amachitira Loweruka lililonse. Titangodya chamadzulo anavala chijasi chawo cha kuntchito, ngati kuti tochi zikawazindikira udindo, n'kuima pakhomo. Mukukumbukira mayesedwe awo kuyambira tili ana: amaloza tochi kudimba n'kumatchula zomwe yafikira, khola, chulu, kenako bulugama wamkulu wa kumalire ndi a Mailosi. Tochi yosafika pa bulugama amati ndi ya ana.

Yasiliva anangoidina kawiri n'kundibwezera. Atayatsa yakuda anatembenuza nkhope n'kuphimba maso ndi mkono.

"Iyi ndi yabodza," anatero. "Ikungofuka utsi."

Ine ndinaseka mpaka kugwira chitseko. "Ababa, utsi wake uti? Imeneyo ndiye bwana wa zonse!"

"Iwe unalonderapo kuti? Bweretsa inayo."

Ndinawapatsa yofiira. Anailoza kudimba, nkhope yawo n'kumasuka.

"Eya, tochi ndi imeneyi. Khola ilo. Chulu icho. Bulugama uyo, ndikumuona ndi nthambi zomwe."

Achimwene, bulugama uja kulibe. Chiswe chinamudya kutsinde, ndiye Lachitatu ine ndi a Mailosi tinagwirizana zomudula asanagwere khola. Patsala chitsa basi. Ababa anadutsa pomwepo dzulo dzuwa lili pamutu, chikwama chili paphewa, osafunsa kanthu. Ndipo kuwala kwa yofiirayo ngakhale pa chulu sikunafike. Ndinasiya kuseka. Ndinangoti, "Zoona ababa, mwasankha bwino," n'kukalowa kukhitchini kukalira ndi mbale.

Ndili mmenemo zinthu zinayamba kundibwerera. Tiyi amene akhala akuthira pambali pa kapu ine n'kumawanena kuti akufulumira. Baibulo lomwe masiku ano amandipatsa kuti ndiwerenge ine, ati mawu anga amamveka bwino. Munthu akamabwera pabwalo, samulonjera mpaka iye ayambe kulankhula. Ndadziimba mlandu, chifukwa ine ndi amene ndili nawo pafupi ndipo sindinaone.

M'mawa uno ndinawapatsira madzi osukusula padzuwa dala kuti ndiwayang'ane. Pakati pa maso onse awiri pachita mbuu. Ndinalimba mtima.

"Ababa, bulugama uja tinamudula Lachitatu."

Anaweramuka, madzi akudontha m'ndevu. Kenako anati, "Chilolezo anakupatsani ndani?"

"Chiswe, ababa."

Anaseka pang'ono, koma kuseka kopanda mphamvu. Ndipo anandiuza zonse. Patha chaka ndi theka akuona ngati ali m'chifunga, ndipo kuwala kwamphamvu, kaya kwa galimoto kaya kwa tochi, kumawatseka maso kotheratu. Kuntchito amayenda ndi mapazi owerenga: kuchoka pa geti kufika pa kona ndi makumi asanu ndi limodzi ndi anayi, kuchoka pa kona kufika pa thanki ndi makumi atatu. Zotsalazo amasiyira makutu ndi galu wa pakampanipo.

"Mabwana akadziwa andichotsa," anatero. "Mlonda wosaona angamusunge ndani? Ndipo Ezra usamuuze. Ali ndi banja lake, asamagone akuganiza za nkhalamba."

Ine za ntchitoyo sindikuda nazo nkhawa kwambiri. Chikundisowetsa mtendere ndi msewu. Munthu ameneyu amatsika minibasi pa Lunzu n'kuwoloka yekha pakati pa malole, sabata ndi sabata, akudalira makutu.

Titaweruka ku tchalitchi ndinakokera pambali a Miriam, anamwino aja a m'kwaya, n'kuwafotokozera. Akuti zikumveka ngati ng'ala, ndipo ku chipatala cha maso ku Queens amaichotsa, ambiri n'kuyambanso kuona bwino. Koma ababa atamva anati mpeni sungayandikire diso lawo iwo ali moyo. Mukuwadziwa. Ine akandiyang'ana amaonabe kamtsikana kamene kankalira poopa atsekwe, koma inu mukalankhula amayamba atsokomola kaye kenako n'kumvera. Ndiye chonde, achimwene, katoni ya tochi idikire. Aimbireni foni, muwanyengerere. Ndaphwanya lamulo lawo polemba izi, ndipo sindikupepesa.

Apa ndinalekeza kaye, chifukwa ababa anandiitana pakhonde. Anamva pepala likulira ndipo anafuna ndiwawerengere zomwe ndakulemberani. Ndinawerenga za tochi zija mokoma, za maginito, za mbatata yootcha, n'kumaliza ndi moni. Anagwedeza mutu.

"Ida, masamba ndawamva atatu. Iwe wawerenga limodzi."

Ndinawerenga otsalawo ndikudikira kukalipiridwa. Nditamaliza anasisita tochi yofiira ija m'manja.

"Walakwitsa pamodzi pokha," anatero. "Pa kona kufika pa thanki ndi makumi atatu ndi awiri."

Kenako anandiuza kuti nditenge cholembera ndilembe mawu awo, ndipo ndi awa. Akuti yakuda ija muode, chifukwa tochiyo ilibe mlandu. Yofiira atenga iwo, musaifunsenso. Akuti Lachiwiri apempha tchuthi ndipo tipita limodzi ku Queens, koma mukhale mutawaimbira Lolemba madzulo, amve mawu anu asanakagone pa bedi la madokotala.

Akupereka moni a Mailosi, ndipo akuti nkhuni za bulugama zikudikirani pa Khirisimasi. A Miriam akuti akukupemphererani. Ine ndikuti mupsompsone Princess m'malo mwanga, ndipo alamu muwauze kuti nandoloyo asamuphike ndi madzi ambiri.

Moni womaliza ndi wa ababa. Akuti zithunzi zonse za Princess zomwe mwakhala mukutumiza pa foni, zija ankazigwira nthawi yaitali n'kumati wafanana ndi malemu amayi, sanaonepo ngakhale chimodzi. Ankangoona kuwala kwa foni. Akupempha kuti mutsukitse chimodzi chachikulu, mupatsire a Hakimu pobwera. Akuti akadzawamasula nsalu kumaso, asadzayambe ndi kuona nkhope ya dokotala.

Aumirira kusaina okha pansipa. Dzina lawo lakwera pamwamba pa langa, koma musadandaule, ndawasiya.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Ida

G. Namaona