Buledi wa Nyama wa Ababa

Kachulu,
Zomba.
19 Ogasiti, 2024

Okondedwa achimwene a Medson,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino ku Joniko, pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tilipo, Mulungu akutisunga. Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati kuti mafoni anatha m'dziko. Vuto ndi lakuti mukangoimba, ababa amakoka mpando n'kukhala pafupi, khutu tcheru, ndiye ine ndimangoyankha kuti zonse zili bwino. Anzanu a Ayuba akubwerera kumeneko Lachinayi, choncho ndati ndiwapatsire pepalali kuti ndikuuzeni zimene ndakhala ndikukubisirani kwa miyezi isanu. Kundikalipira mundikalipire, koma muyambe mwawerenga mpaka kumapeto.

Zonse sizinali bwino ayi. Chimwalirireni amayi mu Malichi muja, ababa anayamba kutha thupi. Lamba wawo, alamu anu a Grain anachita kumuboola ndi msomali kawiri konse. Jekete yakutchalitchi ija inayamba kuwalendewera ngati yobwereka. Tonse tinkati ndi chisoni, poti anthu akhala limodzi zaka makumi asanu, ndipo tinkangoti zidzatha zokha. Koma mu Juni anachita chizungulire n'kugwa pafupi ndi nkhokwe, tinathamanga nawo kuchipatala panjinga yamoto. Anamwino anati magazi achepa kwambiri. Kenako anandikokera pambali n'kundiuza mosapsatira kuti akapitiriza kudya mmene akudyeramu, mvula ya chaka chino sadzaiona. Anati azidya nyama, mazira ndi nsomba. Ndinachita mantha, achimwene, koma inu ndinakuuzani kuti kanali kamalungo chabe.

Liuma langa mukulidziwa. Ndinati bambo anga sangafe ndi njala ine ndili ndi manja awiri. Mlamba sadya, umawatulutsa ziwengo chiyambire kale, ndipo matemba ouma ankangowayang'ana. Ndiye ndinalimbikira nyama. Akangopha mbuzi kudooko la asodzi, ine ndinali woyamba kufika, ndipo pogawa ndinkawasankhira nthuli yaikulu yafupa, ija timapatsa mwini khomo. Ndinkapita nayo pakhonde pawo, kugwada, kuika mbale, n'kuchokapo monga tinaleredwera. Ndani angaime n'kumayang'ana pakamwa pa bambo ake akudya? Mbale inkabwerera yoyera, ndi fupa lomwe osatsala, ine mtima n'kukhala pansi. Koma munthu ankangowondabe.

Amene ananditsegula m'maso ndi a Lucy, aja timagulitsa nawo zigumu kwa asodzi. Tsiku lina anabwera kudzabwereka sefa, n'kuyamba kundiseka kuti galu wathu Zilipano wanenepa ngati wa abwana a m'tauni, kodi tikumudyetsa chiyani pamene eni akefe tili mitu bii. Ndinaseka nawo, koma atachoka ndinakhala pansi n'kuganiza za mafupa osabwerera aja. Mawa lake nditapereka chakudya, ndinazungulira kuseri n'kusuzumira pa mpata wa mpanda. Mulungu andikhululukire.

Ababa anasunsa mbamu zitatu mumsuzi n'kumeza. Kenako anatenga nthuli ija, kuiika m'kamwa, kuitembenuzira uku, kuitembenuzira uko, nthawi yaitali ndithu. Anaitulutsa ili yathunthu. Anayang'ana mbali zonse ngati mwana woba shuga, n'kuitana galu motsitsa mawu. Apo ndi pamene ndinaona m'kamwa mwawo. Kupatula mano awiri akutsogolo aja timawaona akamalankhula, mulibe dzino ndi limodzi lomwe.

Ndinabwerera kukhitchini. Mukukumbukira kuti mbale ya ababa amayi ankakonza okha, osalola wina kuikhudza? Tinkawaseka kuti ndi nsanje ya mu ukalamba. Mukukumbukiranso kamtondo kakang'ono kaja kankakhala kuseri kwa chitseko, amayi n'kumati n'kansinjiro? Zaka zonsezi ankawasinjira nyama mobisa kuti mwamuna wawo asachite manyazi pamaso pa ana ndi akamwini. Chinsinsicho anapita nacho kumanda, ndipo ine ndi ulemu wanga ndinkangodyetsa galu.

Apa ndinalakwitsanso kachiwiri. Ndinawaphikira phala la mgaiwa, kuthiramo nsinjiro ndi dzira, pambali n'kuika nyama yosinja m'kambale kawo okha. Anayang'ana mbale yawo, n'kuyang'ana ya a Grain imene ndinanyamula kudzanja linalo. Anandifunsa mofatsa kwambiri kuti, "Kodi ndasanduka khanda pakhomo pano?" Masiku awiri sanalawe kanthu, tiyi yekha. Ndinagwira njakata. Yolimba sangatafune, yofewa akuti ndawanyoza, ndipo za manozo sindikanatha kuzitchula.

Ndili pa mbaula kuphika zigumu zanga, makala pansi makala pamwamba, ndinakumbukira Khirisimasi ina tili ana. Inu munali Sitandade 5, ine 2. Ababa anabwera kuchokera ku Zomba, kunyumba ya azungu kumene anali khukhi, ndipo anatiphikira chinthu chooneka ngati buledi koma chili nyama yokhayokha. Iwo ankachitcha mitilofu, ife tinkangoti buledi wa nyama. Anachidula ndi mpeni, aliyense chidutswa chofanana ndi cha mnzake, ndipo chinkangosungunuka m'kamwa. Ndinati chimenechi ndiye chakudya: tidya tonse, ndipo palibe anganene kuti ndi cha odwala.

Ndinakwera minibasi mpaka ku Zomba, kukagula nyama ya ng'ombe yopanda fupa. Kufunsa sindinafunse aliyense, ndinati chovuta n'chiyani kwa munthu wophika zigumu zaka khumi. Ndinaitsuka, kuiwiritsa bwinobwino monga timachitira nyama iliyonse, kuisinja mumtondo, kuthiramo ufa ndi soda, n'kuika pamoto. Safunsa anadya phula, achimwene. Chimene chinatuluka mumphikamo chinali utuchi weniweni, ukachigwira chingoti yoyoyo.

Ndisanabise n'komwe, ndinangoona chithunzithunzi pakhomo la khitchini. Ababa, ndi ndodo yawo. Anati mtondo wa chimanga amaudziwa kulira kwake, wa chigwada amaudziwanso, koma wa lerowu wawasokoneza, kodi ndikusinja chiyani. Apa ndiye pamene ndinachimwa m'dzina lanu. Ndinawauza kuti inu munadzitama kwa anzanu kuntchito kuti bambo anu anali khukhi wamkulu mu Zomba monse, ndipo anzanuwo akukukakamizani kuti muwaphikire chakudya chimodzi cha ababa. Ndinati mwandituma kuti ndiyese kaye ine, kenako ndikulembereni kaphikidwe kake. Bodzalo linangotuluka lokha, ngati kuti ndinagona nalo.

Anatapa utuchi uja ndi zala, kuununkhiza, n'kundiyang'ana.

"Unawiritsa?"

Ndinavomera.

"Zaka makumi awiri ndi zitatu ndaphikira azungu, mwana wobala ine n'kumawiritsa nyama ya mitilofu. Mawa mugule ina, ndipo usaikhudze."

Chiikireni maliro a amayi ndinali ndisanamvepo mawu awo akutuluka ndi mphamvu chotero. Anandikalipira, koma ine mumtima ndinkavina.

Mawa lake a Grain analawira ku Zomba, ndipo pofika masana nyama inali pakhomo. Ababa anasamba m'manja mpaka m'zigongono, anamanga chitenje changa m'chiuno, n'kukhala pa mpando pakhomo la khitchini ngati mfumu ya ntchito. Azimayi opita kumjigo ankachita kucheuka, ndipo ndikudziwa kuti ankanena kuti Estere wasandutsa bambo ake wantchito. Eni akewo analibe nazo ntchito. Anayamba ndi kunyoza mipeni yanga kuti ngakhale papaya singadule, a Grain n'kuinola pamwala thukuta lili kamukamu.

Nyamayo imafunika yaiwisi, achimwene. Anachotsa mitsempha yonse mmodzimmodzi, kuidula tizidutswa ting'onoting'ono pathabwa, n'kundiuza kuti ndisinje pang'ono chabe, isachite kusanduka phala. Buledi wa dzulo anamunyika mu mkaka mpaka atafewa, n'kumufinya. Anyezi anandiuza kuti ndikazinge kaye, afewe koma asapsere. Kenako mazira awiri, mchere, tsabola pang'ono, zonse m'beseni limodzi. Ine ndinayamba kukanda ngati ufa wa mandasi, iwo n'kundimenya kadzanja kuti nyamayo ilibe mlandu, ndiisakanize mwaulemu. Anaiumba okha ndi manja awo, yaitali ngati buledi wa m'golosale, n'kuiika mumphika wopaka mafuta. Pamwamba anapakapo tomato amene tinamuphika mpaka kulimba, wothira kashuga pang'ono.

Za moto ndiye tinakangana, poti kumeneko nane ndine katswiri. Iwo ankaphikira mu uvuni wa azungu, ine ndimadziwa mbaula ndi chilata. Ndinati makala ochepa pansi, ambiri pamwamba, iwo anati ndipsereza, ine ndinati dikirani muone. Tinakhala pamenepo ola lathunthu, fungo lili ponseponse, iwo akundisimbira za mzungu wina wamkazi amene ankayeza mchere ndi kasupuni ngati mankhwala. Ndinali ndisanaimvepo nkhani imeneyo. Atabaya ndi mpeni n'kuona kuti madzi otuluka ndi oyera, anati yapsa, ndipo za moto anavomera kuti ndinakhoza, ngakhale anavomera chapansipansi. Mwana wathu Faith anafuna kuti tidule pompo, agogo ake anamuuza kuti nyama nayo imafuna kupuma ikachoka pamoto, apo ayi imagumuka.

Ndinatenga mbale yawo kuti ndipite nayo kukhonde monga mwa masiku onse. Anakana. Anati khukhi sadya kumbali, amafuna aone nkhope za anthu amene wawaphikira. Tinatulutsa tebulo pansi pa mtengo wa mango, tonse anayi n'kukhala pamodzi, a Grain manyazi ali tho kudya maso ndi maso ndi apongozi awo. Ababa anadula okha, kugawira aliyense pa mpunga wake, iwo n'kutenga kachidutswa kakumapeto, akuti kongolawa mchere. Ine maso anali pa mbale yanga, koma ndinkaona zonse. Anadya kachidutswako n'kumaliza. Kenako anatambasula dzanja n'kudula china, chachikulu. Ndinanamizira kuti ndaiwala madzi akumwa, n'kukalirira kukhitchini.

Kuyambira tsiku limenelo timaphika Lachitatu ndi Loweruka. Ayesa ndi nyama ya mbuzi, ayesa ndi nkhuku, ndipo sabata yatha anakhala m'mawa wonse akuchotsa minga m'makumba kuti ayese ndi nsomba. Yambuzi ndiye yakoma kuposa zonse. Chotsala amachidya m'mawa ndi tiyi, ndipo mazira ndi zina zofewa ayambanso kulandira, bola aliyense akudya zomwezo. Lachisanu tinapita kusikelo, awonjezera makilo atatu, anamwino aja anachita kuwayeza kawiri. Ayambanso kuyenda okha mpaka kudooko kukatsutsana ndi anzawo za nyanja, ngati idzadze chaka chino kapena ayi. Sindikunena kuti achira, miyendo ikadali yofooka, koma munthu wabwerera.

Tsono kaphikidwe kaja ndakaika mu envulopu momwemu, papepala lapadera. Anandiuza okha dzulo masana, ine ndikulemba, ndipo anandibwereza katatu kuti ndisaiwale zoti nyama isawiritsidwe. Cholinga changa chinali choti ndikupempheni kuti mukaimba Lamulungu mundithandize bodza lija, munene kuti anzanu anadya mpaka kunyambita zala. Koma imvani zimene zinachitika titafika kumapeto kwa pepala. Ndinati ndipinde, iwo anati ndidikire, pali mawu ena.

"Ulembe pansipo kuti chakudya chimenechi n'chabwino kwa munthu amene mano anamuthera, ngati bambo ake."

Cholembera chinaima m'manja. Sindinathe kudzutsa mutu.

"Lemba, ukuopa chiyani? Amako anandibisira zaka khumi, iwenso wayesetsa mbali yako. Basi, zakwana. Ndipo Medson amene ukumunamizirayo, chibadwire sanakazingepo ndi dzira lomwe."

Atatero anaseka, achimwene, kukamwa konse yasa, osaphimba ndi dzanja. Nanenso ndinaseka, misozi ikugwera papepala, ndiye mukaona pamene inki yafufutika musati ndi mvula.

Mundiperekere moni kwa alamu a Linda, muwauze kuti chitenje chija ndinachilandira ndipo ndimachivala kutchalitchi kokha. Ana muwapsompsone. A Grain akupereka moni, Faith akuti musaiwale nsapato zasukulu, nambala 4. Za papepalalo muyesere ndithu, ngakhale mupsereze, kuti mudzakhale ndi chowauza pafoni. Ndipo mundikhululukire pokubisirani. Ndinkaopa kuti musiya ntchito n'kuthamangira kuno.

Moni womaliza ndi wa ababa, ali pompano pakhonde akunola mpeni. Ndawafunsa choti ndikuuzeni. Akuti mubwere pa Khirisimasi ndi ana onse, adzakuphikirani okha. Akuti musachite kuthamanga, mudzawapeza.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Estere