Tinjuchi ta m'mkuyu wanu

Amayi, kodi kumene muliko mwadzuka bwanji? Kuno ku Nthalire tili makora. Chimanga chacha bwino, koma nyemba zawola ndi mvula, ndipo msewu wa ku Boma udakali woipa monga munausiyira chaka cha mavoti a matipate.

Mukukumbukira tinjuchi tosaluma tija ta m'mphako ya mkuyu wa kumunda? Tikadwala chifuwa munkatapa uchi wake wowawasa ndi kaudzu, n'kumatanso pakhomo pake ndi dothi. Munkati, "Nyambitani pang'ono, eni ake nawonso ali ndi ana." Tinjuchito tilipobe. Chaka chatha adzukulu anu anafuna kugwetsa mtengowo kuti munda ukule, ine ndinakana, ndipo tinatha masiku osalankhulana.

Tiwonge, amene anabadwa inu mutapita kale, mwana wamkazi wa mlongo wanga Eneless, akuphunzira za tizilombo ku yunivesite. Anabwera ndi timabotolo, natolera tinjuchi tochepa kuno ndi ku Kaseye. Akufufuza ngati tonseti tinachokera kwa make mmodzi kalekale, ndi mmene tinasiyanirana m'mapirimu. Ndinamufunsa kuti angadziwe bwanji. Anati m'thupi mwa chamoyo muli tinthu tosaoneka ndi maso topatsa mphamvu, totchedwa maitokondiriya, ndipo timachokera kwa mayi basi, kwa bambo ayi. Timasintha pang'onopang'ono m'mibadwo, choncho ukatiyerekeza umadziwa amene ali pachibale.

Ndinafunsa ngati ndi chimodzimodzi kwa anthu. Anati, "Inde, amalume. Inu muli nato ta agogo, koma ana anu alibe. Tadutsira mwa amayi kufika kwa ine."

Amayi, ndinakumbukira mmene munkadzitchulira mlendo pamudzi pano, popeza munachita kukwatiwa kuchokera kutali, ife tonse n'kutenga dzina la abambo. Kunena zoona zinandiwawa kuti kumbali yanga mukuthera mwa ine. Ndinangopita kukapalira.

Tsono nkhani yaikulu ndi iyi. Mwezi watha Tiwonge wabereka mwana wamkazi pachipatala cha ku Boma. Atandipatsa kuti ndimunyamule, misozi inatsika anthu akuona, ine munthu wa imvi. Anandipempha kuti ndimutche dzina, ndipo ndamutcha lanu.

Akayamba kuyenda ndidzabwera naye kumanda kuti mumve timapazi take. Ndimakukondanibe, Amayi.

Ine mwana wanu,
Lusayo