Dzina la Dyson

Kwa Nazombe,
P.O. Chiringa,
Phalombe.
22 Okutobala 1996

Okondedwa achimwene a Howard,

Choyamba ndifunse moyo wanu kumeneko ku Dwangwa, pamodzi ndi alamu ndi ana onse. Kodi chifuwa chija munkadandaula nacho chinasiya? Ife kuno tadzuka, kungoti dzuwa lawawa kwambiri chaka chino, ndipo msana wanga sukundilolanso kugwira khasu mpaka masana. Nandolo tinakolola pang'ono, makaka a chinangwa tayanika.

Ndachedwa kukulemberani chifukwa sindimadziwa poyambira. Nkhani yabwino ilipo. Mwana wanga Jonathan, mphwanu uja, wasankhidwa kupita ku yunivesite ku Zomba, kukaphunzira za sayansi. Mwina munamva kale pa wailesi, ndipo ngati munamva mukudziwanso dzina limene anatchula.

Mukumbukira kuti Jonathan atalemba Sitandade 8 kawiri osasankhidwa, tinakhala pansi inu, ine ndi achemwali athu a Belita. Anthu ankati mwana wobwereza samusankha, ndiye ambiri ankalembera mayeso dzina lina. Ndi a Belita eni ake amene anati atenge dzina la mwana wawo Dyson, popeza iye anali atasiya sukulu n'kukayamba kukonza njinga pa Phalombe. Tinaseka tsiku lija, Dyson akunena kuti Jonathan akadzalemera adzamugulire njinga yamoto ngati lendi ya dzina. Palibe ankadziwa kuti posachedwa Napolo adzatsika m'phiri n'kumutenga, mwana mmodzi yekhayo wa achemwali, mtembo osapezeka mpaka lero.

Kuchokera pamenepo Jonathan wakhala Dyson Makina kusukulu, Jonathan kunyumba. Sekondale inali yogonera konko, kutali, choncho dzinalo silinkafika m'makutu mwa a Belita. Inenso ndinafika poiwala kuti ndi lobwereka.

Tsiku limene ankawerenga mayina, a Belita anali kwa a Gertrude, oyandikana nawo nyumba aja, akumenya nandolo pabwalo, wailesi ili pakhonde. A Gertrude akuti wowerengayo atangoti Dyson Makina, achemwali anaponya ndodo pansi n'kufunsa kuti watchula ndani. Kenako anauyamba ulendo opanda nsapato, makoko a nandolo ali m'mutu. Anthu anawapeza kufupi ndi Chiringa akuimitsa matola, akuuza aliyense kuti mwana wawo wapezeka, ali ku Zomba, madzi aja sanamuphe.

Nthawi imeneyo ine ndinali ndikuimba nthungululu pakhomo panga, anthu atadzaza. A Gertrude anabwera akuthamanga kuti ndikawatenge achemwali. Achimwene, chiyambire maliro aja sindinaonepo nkhope ya achemwali ikuwala chonchija, ndipo amene ndinayenera kukawauza zoona ndinali ine. Ndinawagwira dzanja n'kunena kuti ndi Jonathan, ndi dzina lija munatipatsa. Sanalire. Anangokhala pansi m'mbali mwa msewu n'kunena kuti, "Ndiye kuti wafanso kachiwiri."

Kuyambira tsikulo anasiya kundilankhula. Ankadutsa pakhomo panga osacheuka, ndipo kutchalitchi anasamukira benchi lina. Ndinapitako kangapo kukapepesa, koma ndinkangolankhula ndi chitseko.

Kenako kunabwera uthenga kuchokera kwa ahedi a kusekondale kuja. Pali bungwe lina la mpingo ku Blantyre limene limathandiza ana okhoza bwino kwambiri ochokera m'mabanja osowa. Limalipira sukulu, mabuku ndi ulendo mpaka mwana amalize. Jonathan anali mmodzi wa ochepa amene anaitanidwa, koma anati aliyense abwere ndi kholo lake kuti akacheze nalo. Mukudziwa inu kuti chimwalirireni bambo ake ndilibe pogwira. Popanda thandizo limeneli, ku Zomba akanangokumva pa wailesi pomwepo.

Ndinaganiza zopita ine n'kukadzitchula kuti Mayi Makina. Nkhaniyo inawapeza a Belita, sindikudziwa kuti anawauza ndani. Anandipeza ndikusinja, anaima potero n'kunena kuti, "Dzina la mwana wanga munatenga, tsopano iwe ukufuna utengenso langa?" Anati ndikangoyerekeza, akwera basi okha kukawauza abungwewo kuti Dyson Makina ali pansi pa miyala ya m'phiri la Michesi.

Jonathan anamva zonse ali kuseri kwa nyumba. Anadzandiuza kuti basi, za yunivesitezo zikhale, akafuna ganyu yothyola tiyi ku Mulanje. Anati sangapite kukaphunzira atasiya mayi ake aakulu akulira chifukwa cha iye. Ndinalibe mphamvu yokangana naye. Ndinangomuuza kuti achape shati yake yoyera, tipite awiri tikanene zoona zake, akatibweza atibweze.

M'mawa wa ulendowo, tikutuluka, tinawapeza a Belita ataima panjira, atavala chitenje cha kutchalitchi ndi duku loyera, kachikwama kali m'manja. Ine sanandipatse moni. Anangouza Jonathan kuti afulumire, basi itisiya. Njira yonse sindinkadziwa ngati akupita kukatithandiza kapena kukatineneza, ndipo ndinaopa kufunsa.

Ku Blantyre anatilowetsa m'chipinda momwe munali akuluakulu atakhala patebulo. Mayi wina wa magalasi anafunsa kuti mayi ake a Dyson ndi ati. Ndisanatsegule pakamwa, a Belita anati ndi iwo. Ine anandiloza n'kunena kuti awa ndi mayi ake aang'ono, angotiperekeza.

Anawapempha kuti afotokoze za mwana wawo, ndipo achimwene, anafotokoza. Anati anabadwira m'munda wa chinangwa, sanadikire kuti akafike kuchipatala. Anati anachedwa kuyenda koma anafulumira kulankhula, ankaopa mabingu, ndipo ali wamng'ono anamasula wailesi ya amalume ake kuti aone anthu olankhula m'katimo. Wailesi yanu ija, mukuikumbukira. Anati chitsulo chilichonse chotayidwa ankachitola, akuti chidzagwira ntchito. Zonse zimene ananena zinali zoona, kungoti sankanena za mnyamata amene anakhala pambali pawo.

Jonathan anangowerama, misozi ikudonthera pa buluku. Mayi wa magalasi uja anayesa kuti ndi manyazi, anamwetulira n'kunena kuti ana okonda kufufuza zinthu chonchi ndi amene akuwafuna. Kenako anamufunsa mafunso a kusukulu, ena m'Chingerezi, ndipo anayankha onse. Thandizo anamupatsa. Ine ndinakhala pampando wa kukhomo, manja ali pamiyendo, palibe anandifunsa kanthu.

Pobwerera a Belita anagula nthochi pa Limbe, n'kumamusendera m'basi akumuitana kuti Dyson. Ndinkayesa kuti zithera m'basi momwemo, koma sizinathe. Tsopano amamuphikira, amamuchapira. Anasesa gowelo ya malemu Dyson, anaizira, ndipo Jonathan akugona kumeneko. Anatulutsa bulangete la Dyson limene ankasunga m'sutikesi, aliyanika kuti apite nalo ku Zomba. Lamlungu lapitali anaimirira m'tchalitchi kuthokoza Mulungu chifukwa cha mwana wawo, anthu onse anangoyang'ana pansi.

Musaganize kuti mutu wawasokonekera, ayi. Tsiku lina tinakumana awiri pamjigo, ndipo anandiyamba okha. Anati, "Ndikudziwa kuti si iyeyo, Rozaria. Koma iwe uli ndi ana ena. Ukandilanda ameneyu ndizimuitana ndani?" Ndinangowathandiza kusenza ndowa.

Jonathan anandifunsa tili kumunda ngati aziyankha achemwali akamamuitana dzinalo. Ndinamuuza kuti aziyankha. Ndikanatinso chiyani, poti popanda iwo bwenzi pano ali m'minda ya tiyi? Ine ndemwe ndasiya kumutchula dzina achemwali akakhala pafupi, ndimangoti iwe. Azing'ono ake nawonso sakudziwa kuti azimuitana bwanji. Iyeyo waonda, sakuseka ngati kale, amabwera kwanga mozemba ngati mlendo, n'kudyanso pang'ono kuti ndisakhumudwe, pamene wadya kale uko.

Ndatopa, achimwene. Zaka zonsezi ndinkasenza makaka ndi nandolo kupita nazo kumsika, ndikudziuza kuti tsiku limene adzasankhidwe ndidzapuma. Tsikulo lafika, koma chikondwerero chili pakhomo pa achemwali, ine ndikungoonera patali. Wokamuperekeza ku Zomba ndi iwo, anena kale. Ine nditsala, ndamukazingira chimanga ndi mtedza, ndiwapatsa iwo kuti akamupatse.

Inu ndinu mwini mbumba, n'chifukwa chake ndakulemberani. Sindikupempha kuti mudzaweruze mlandu, chifukwa ndayang'ana uku ndi uku wolakwa sindikumuona. Ndikupempha kuti mudzabwere pa Khirisimasi, ngakhale kwa masiku ochepa. Tidzapemphe Misa ya Dyson, ndipo tidzazike mtanda wake kumanda, pafupi ndi amayi, ngakhale pansi pake palibe munthu. Achemwali sanakhalepo ndi malo okalirapo mwana wawo. Ndikanena ine aganiza kuti ndikufuna kuwalanda Jonathan, koma inu amakumverani.

Chinanso chaching'ono. Sukulu ikatsegulidwa mudzamulembere kalata mphwanu, amakulemekezani kwambiri. Pa envulopu mudzalembe kuti Dyson Makina, chifukwa mukalemba dzina lina siidzamupeza. Koma m'katimo, poyamba penipeni, mudzalembe kuti Jonathan. Kumeneko aphunzitsi, anzake, abungwe, onse azidzati Dyson. Pakhale ndithu munthu mmodzi womuitana dzina limene ndinamupatsa.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Ana kuno akupereka moni, a Gertrude nawonso akuti musawaiwale. Ambuye akusungeni pa ntchito yanu ndipo akuyendetseni bwino mukamabwera.

Ndine mlongo wanu,
Rozaria