Kiyibodi ya Malemu Tawia

Kumasi

Alamu anga a Boakye,

Mukupirira bwanji kuzizira kwa ku Hamburg? Kuno tilipo, bondo lokhali ndi limene likundivuta. Moni kwa ana.

Mwana wanu Nyamekye watinyaditsa. Mukuikumbukira kiyibodi yakale ya mawaya ija munawatumizira malemu achimwene anu a Tawia, imene ikangoyatsidwa inkalira mosokonekera mpaka itafunda? Iwo ankaiyatsa n'kukakhala pakhonde kumwa phala, oimba anzawo akung'ung'udza. Mtsikanayu watengera mawu ake onse m'kompyuta, ngakhale ulesi wake wam'mawawo, ndipo oimba akunja akulimbirana mawuwo.

Wina wa ku London anadandaula kuti kiyibodi yam'kompyutayo ikangoyatsidwa imayamba yasokoneza nyimbo, aikonze. Nyamekye anamuyankha kuti, "Pitani mukamwe kaye phala. Bambo anga sankathamangitsidwa."

Lamlungu Nyamekye analiza yam'kompyutayo kutchalitchi. Anzathu a kutchalitchiko, Amayi a Frimpomaa, anacheuka kuyang'ana pakhomo ngati a Tawia alowa. Ine ndinangogwira mpando.

Za kiyibodi yeniyeniyo, ndamva kuti kumeneko wapezeka woifuna. Ndi yanu ndithu, munagula ndinu. Kungoti m'mawa uliwonse ndimaiyatsabe ndisanatereke phala, ndipo phalalo ndimaphikabe la anthu awiri.

Mlamu wanu,
Akosua Dufie