Msana wa bambo a Tadala

Lamlungu, 18 Ogasiti, ku Santry, kuno kudziko la azungu

Tsiku la lero landinyansa. Bambo a Tadala abwerako ku holide yawo ya njinga kumapiri a ku Austria, mkono uli m'pulasitala. Ndakawatenga ku eyapoti nditangoweruka kuntchito, osapuma n'komwe.

Chifikireni sanatseke pakamwa. Andionetsa zithunzi pafoni: mapiri oyera ndi chipale chofewa, ng'ombe zovala mabelu, iwo ndi anzawo a kuofesi atavala timakabudula tothina ngati achule. Akuti njingazo zimakwezedwa pamwamba ndi makina, iwo n'kumangotsetsereka. Ndiye kupalasa kumeneko? Munthu wa imvi kukadzigwetsa dala m'miyala.

Kenako andionetsa katenti kawo. "Mayi a Tadala, sabata yonse timagona pansi, koma tulo take kukoma."

Pansi, eti? Chaka chatha pamaliro a mayi anga ku Ntcheu, amuna onse anagona panja pasiwa, koma iwo anathawira ku resitihausi, ati msana wawo sulola mphasa. Ndinawaikira kumbuyo pamaso pa amalume, manyazi onse n'kusenza ine.

Pano akundiitana kuti ndikawasambitse. Madzi ndatenthetsa kale. Koma ndikayamba ndawafunsa kuti msana uja anakaupoletsa kuti.